Nyamakazi yobwera pambuyo potsekula m'mimba kapena matenda opatsirana pogonana

Munthu amatsekula m'mimba masiku atatu, n'kuchira, n'kuiwala. Pakapita masabata awiri kapena atatu, bondo limodzi limatupa, kutentha, kulipinda kukhala kovuta. Podzuka m'mawa, chidendene chikubaya ngati waponda munga. Iye amaganiza kuti anabinya mwendo, ndipo akafika kuchipatala n'kufunsidwa ngati anadwalapo masiku apitawa, amayankha kuti ayi, poti m'mimba muja munasiya kalekale. Chonsecho gwero la kutupako likhoza kukhala m'mimba momwemo.

Madokotala amatcha matendawa reactive arthritis. Ndi mtundu wa nyamakazi umene umagwira molumikizira mafupa pambuyo poti mabakiteriya alowa mbali ina ya thupi, makamaka m'matumbo kapena m'njira ya mkodzo ndi ziwalo zobisika. Kale ankawatchula ndi dzina la dokotala wa ku Germany, Hans Reiter, amene analemba za wodwala wotere mu 1916, chaka chomwecho chimene madokotala a ku France, Noël Fiessinger ndi Edgar Leroy, anafotokozanso matendawa. Dzina la Reiter linasiyidwa chifukwa cha nkhanza zimene iye anatenga nawo mbali mu ulamuliro wa chipani cha Nazi. Dzina lamakonoli linachokera kwa madokotala a ku Finland mu 1969.

Tizilombo timene timayambitsa

Si tizilombo tonse timene timachita izi. Mwa todwalitsa m'mimba, todziwika ndi Salmonella, Shigella amene amayambitsa kamwazi, Campylobacter, Yersinia ndi Clostridioides difficile. Ambiri mwa awa amalowa m'thupi kudzera m'zakudya ndi madzi oipitsidwa, nyama ya nkhuku yosapsa bwino, mazira osapsa ndi mkaka wosawiritsa. Mwa topatsirana pogonana, wamkulu ndi Chlamydia trachomatis. Ameneyu ndi wachinsisi: anthu ambiri, makamaka amayi, amakhala naye osamva chilichonse. Motero nyamakazi ikhoza kukhala chizindikiro choyamba chakuti munthu anatenga Chlamydia.

Chimene chimachitika m'thupi

Apa m'pamene pamasokoneza anthu ambiri, choncho tiyeni tifatse. Mabakiteriya akalowa m'matumbo kapena m'njira ya mkodzo, chitetezo cha m'thupi chimadzuka. Maselo oyera a m'magazi, amene timawatcha asilikali a m'thupi, amameza tizilomboto n'kutiphwanya. Mwa anthu ambiri nkhondo imathera pomwepo. Koma mwa ena, maselo amene anameza tizilombo aja amayenda ndi magazi atanyamula zidutswa zake, n'kukazisiya pa kachikopa kofewa kamene kamakuta mkati mwa bondo kapena kakolo. Asilikali a pamalopo akaona zidutswazo amayesa mdani wafika, ndipo amayamba kutulutsa makemikolo odzutsa kutupa, monga TNF ndi IL-17. Kachikopa kaja kamakhuthala, madzi amadzadza m'bondo, malowo amatentha ndi kupweteka.

N'chifukwa chake dokotala akakoka madzi a m'bondo ndi jakisoni n'kukawabzala ku labotale, palibe bakiteriya amene amamera. M'bondomo mulibe mafinya a tizilombo tochulukana. Chimene chikuwononga ndi chitetezo cha munthu mwiniyo, chimene chikupitiriza kumenya nkhondo. Pa Chlamydia pokha pali kusiyana pang'ono: akatswiri anapeza kuti kachilomboka kamatha kubisala m'maselo a m'malo olumikizira mafupa kali kamoyo koma kogona, osachulukana monga mwa nthawi zonse. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene nyamakazi yochokera ku Chlamydia imakhalitsa mwa ena.

Ulendo wonsewu umatenga nthawi. Kutupa kumaonekera pakapita sabata imodzi mpaka masabata 4 chiyambire matenda oyamba aja, ndipo mpata umenewu ndi umene umachititsa odwala kusagwirizanitsa zinthu ziwirizi.

Nanga bwanji anthu khumi atadya chakudya chimodzi n'kutsekula m'mimba onse, wotupa bondo amakhala mmodzi kapena palibe? Chibadwa chimatengapo mbali. Pali jini (kachinthu ka m'maselo kamene timatengera kwa makolo) yotchedwa HLA-B27, imene imathandiza thupi kuonetsa zidutswa za tizilombo kwa asilikali ake. Amene anabadwa nayo amagwidwa msanga, matenda awo amakula kwambiri komanso amatha kukhalitsa. Komabe ambiri amene ali ndi jiniyi sadwala konse, ndipo ena amadwala alibe. Anthu amene ali ndi HIV nawonso amapezeka ndi nyamakazi imeneyi, nthawi zina yoopserapo, choncho ndi bwino kuyezetsa magazi. Msinkhu umene umagwidwa kwambiri ndi wa zaka 20 mpaka 40. Yochokera m'mimba imagwira amuna ndi akazi mofanana, pamene yochokera pogonana imapezeka kwambiri mwa amuna.

Zizindikiro

Matendawa amakonda miyendo: mawondo, akakolo ndi mapazi. Sagwira mbali zonse mofanana ayi, mwina bondo lakumanja ndi kakolo wakumanzere. Amagwiranso pamene mtsempha waukulu umamatirira ku fupa, n'chifukwa chake kuseri kwa chidendene ndi kunsi kwa phazi kumapweteka. Chala chimodzi cha kuphazi kapena kumanja chikhoza kutupa chonse kuyambira kutsinde mpaka kunsonga. Ena amamva kuwawa m'chiuno ndi kumunsi kwa msana, kumene kumakula usiku ndi m'mamawa, n'kumachepa akayamba kuyendayenda.

Kunja kwa mafupa, maso amafiira ndi kutuluka manthongo, pokodza pamawotcha, m'kamwa mumatuluka tizilonda tosapweteka. Amuna ena amaona tizilonda kumutu kwa chida chawo, ndipo ena khungu la kunsi kwa phazi kapena m'chikhatho limachita zotupa zouma, zamakwamba. Si onse amaona zonsezi. Ambiri amangokhala ndi ziwiri kapena chimodzi.

Pali zinthu ziwiri zimene sizifuna kugonera. Choyamba, bondo limodzi kapena mfundo ina ikatupa kwambiri, yotentha, munthu akutentha thupi ndi kunjenjemera, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Kukhoza kukhala kuti tizilombo talowa m'bondo mwenimwenimo, ndipo amenewo ndi matenda ena, amene amawononga bondo m'masiku ochepa. Palibe amene angasiyanitse ziwirizi pongoyang'ana. Pamafunika kukoka madzi aja n'kuwayeza. Chachiwiri, diso likamapweteka m'kati, kuopa kuwala kapena kuona mwachimbuuzi, ndiye kuti kutupa kwalowa m'kati mwa diso, ndipo kuchedwa kungawononge kuona.

Kuchipatala

Palibe kuyeza kumodzi kumene kumanena kuti awa ndi matenda amenewa. Dokotala amadalira kwambiri zimene inu mwamuuza. Tikukupemphani, musabise. Nenani ngati munatsekula m'mimba mwezi wathawu, ngakhale kunali kwa tsiku limodzi. Nenani ngati munagonana ndi munthu watsopano opanda kondomu, ngati mumamva kuwotcha pokodza kapena munaona zotuluka zachilendo kumaliseche. N'zochititsa manyazi, tikudziwa, koma mawu amenewo ndi amene amamutsogolera dokotala kuti ayeze mkodzo, chimbudzi kapena magazi oyenera.

Kuchepetsa ululu ndi kutupa amayamba ndi mankhwala monga ibuprofen, naproxen kapena diclofenac. Musamwe mankhwalawa mwa inu nokha kwa masabata ambiri, chifukwa amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba ndi kuvulaza impso, ndipo amayi oyembekezera ayenera kufunsa kaye. Bondo likatupa kwambiri, dokotala akhoza kukoka madzi n'kubaya mankhwala ochepetsa kutupa a steroid m'bondomo. Matenda akapitirira miyezi, pali mankhwala otchedwa sulfasalazine ndi methotrexate, ndipo akakanika amenewa, pali mankhwala otsekereza TNF.

Chlamydia akapezeka amapereka maantibayotiki monga doxycycline kwa masiku 7, ndipo wokondedwa wanu ayenera kulandira nawo chithandizo ngakhale akumva bwino, apo ayi mudzapatsirananso. Koma pa nyamakazi yochokera m'mimba, maantibayotiki kawirikawiri safupikitsa kutupa, poti tizilombo tinachoka kale. Kugula makapisozi mobwerezabwereza pofuna kuti bondo liphwe n'kungodzivulaza.

Masiku oyamba pumitsani mwendo, koma ululu ukayamba kuchepa yambani kuupinda ndi kuuwongola pang'onopang'ono, chifukwa mnofu wa ntchafu umafota msanga bondo likangokhala. Ambiri amachira pakati pa miyezi 3 ndi 12. Ena ochepa amakhala nayo nthawi yaitali, kapena imapita n'kubweranso.

Nyamakaziyo payokha sipatsirana. Chopatsirana ndi tizilombo toyambitsa tija. Kusamba m'manja ndi sopo pochoka kuchimbudzi komanso musanagwire chakudya, kuphika nyama ndi mazira mpaka zipse, kusasakaniza nyama yaiwisi ndi zakudya zakupsa, kumwa madzi otetezedwa ndi kugwiritsa ntchito kondomu, zonsezi zimatseka njira. Kwa amene anadwalapo kale izi n'zofunika koposa, chifukwa kutenganso Chlamydia kapena kutsekulanso m'mimba kumatha kudzutsa kutupa kuja kachiwiri.