Mdima wa mafilimu a mavampaya ndi umene umayamba kutayika akafika kunyumba

Pa ntchito yosamutsa filimu kuchoka ku holo ya kanema kuti ionedwe pa TV ya kunyumba, chinthu chovuta kwambiri kuchisunga ndi mdima. Chithunzi cha masana chimapirira, ngakhale chitapanikizidwa nkhope zimaonekabe. Cha usiku sichitero. Nchifukwa chake mafilimu a mavampaya, akufa oyenda usiku n'kumamwa magazi a amoyo, ndi amene amazunzika kwambiri akatuluka pa tepi kapena pa chimbale. Komatu pakanapanda matepi omwewo, ena mwa mafilimuwa bwenzi ataiwalika kalekale.

Ku America, mafilimu a achinyamata a mtundu umenewu anatchuka m'zaka za m'ma 1980. Fright Night inatuluka mu 1985, ndipo mu 1987 kunabwera The Lost Boys ya Joel Schumacher, imene anaijambulira ku Santa Cruz ku California, komanso Near Dark ya Kathryn Bigelow. Onsewa anapatsidwa chizindikiro cha R, kutanthauza kuti wosakwana zaka 17 sankaloledwa kulowa m'holo popanda kholo kapena wamkulu womuyang'anira. Choncho achinyamata ambiri amene nkhanizo zinkanena za iwo anazionera kunyumba, pa tepi ya VHS yobwereka ku sitolo. Kugula kunali kovuta, chifukwa tepi yatsopano inkagulitsidwa pa madola pafupifupi 80, mtengo umene unaikidwa poganizira eni masitolo obwereketsa.

Near Dark ndiyo inapulumutsidwadi ndi tepi. Inalowa m'maholo patangopita miyezi iwiri The Lost Boys itatuluka, kampani yoifalitsa ya De Laurentiis Entertainment Group ili pa mavuto a ndalama, ndipo siinagulitse. Mbiri yake inakula pang'onopang'ono, anthu akuuzana za tepi imene anabwereka.

Nanga pa tepipo ankaonapo chiyani? The Lost Boys inajambulidwa motambalala: m'lifupi mwa chithunzi chake ndi kuwirikiza kawiri ndi kachidutswa poyerekeza ndi kutalika kwake. TV ya nthawi imeneyo inali ngati bokosi la mbali pafupifupi zofanana. Pofuna kuti chithunzi chidzaze galasi lonse, akatswiri ankadula m'mbali, ndipo magawo oposa 40 pa 100 alionse a chithunzicho ankatayika. Mu filimu yoopsa zimenezi zimapweteka kwambiri, pakuti woongolera amakonda kuika choopsacho m'mphepete, kumene mnyamata wa m'nkhaniyo sakuyang'ana koma inu oonera mukuonako. Akadula mbaliyo, mantha apita nayo. Ndiponso tepi siinkatha kusiyanitsa mdima wakuda bii ndi mdima wocheperako, kotero kawirikawiri chithunzi ankachiwalitsa kuti anthu asadandaule kuti sakuona kanthu. Zikatero usiku umaoneka wotuwa, ndipo zopakapaka za pankhope za osewera, zimene zinayenera kubisika mu mthunzi, zimaonekera poyera. Michael Chapman, amene anajambula The Lost Boys, ndi yemwenso anajambula Taxi Driver ndi Raging Bull. Zimandiwawa kuti ntchito ya munthu wodziwa kuyala mthunzi ngati ameneyu ambiri anaiona itachepetsedwa chonchi.

DVD itafika ku America mu 1997, m'mbali munabwerera pa zimbale zambiri, koma panabuka vuto lina. Kuti filimu ikwane pa chimbale, kompyuta imataya tizinthu timene ikuganiza kuti diso silizindikira, ndipo malo amdima ndi amene amalandidwa kwambiri. Mukaona khoma lakuda likusweka kukhala timabokosi toyendayenda, kapena kuwala kwa mwezi kukupanga mizere m'malo mozilala bwinobwino, gwero lake ndi limeneli. Chimbale wamba cha DVD chimanyamula 4.7 GB, ndipo filimu imodzi imatha kudya malo onsewo. Ndiye ganizirani zimbale zija za m'misika yathu zokhala ndi mafilimu khumi pa chimodzi, kapena filimu yotsitsidwa pa foni. Chimbale cha Blu-ray, chimene chinabwera mu 2006 ndipo chimanyamula zambiri kuposa DVD, chinachepetsa vutoli. Zimbale za 4K zimasunga milingo 1,024 ya kuwala pamene DVD imasunga 256, ndipo kusiyanako kumaonekera kwambiri mu mthunzi. The Lost Boys inatuluka pa 4K mu 2022.

Malonda nawo ali ndi mbali yake. Twilight ya Catherine Hardwicke, filimu ya chikondi cha mtsikana ndi vampaya ya mu 2008, inatuluka pa DVD mu March 2009, masitolo atatsegula pakati pa usiku, ndipo zimbale zoposa 3 miliyoni zinagulidwa tsiku loyamba. Chaka chomwecho Near Dark inatulutsidwanso ndi chikuto chofanana ndi cha Twilight, ngati kuti ndi nkhani ya chikondi chofatsa, pamene ndi filimu yamagazi kwambiri. Kumeneko kunali kunamiza wogula, makamaka kholo logulira mwana. Mafilimu otsatira a The Lost Boys, a mu 2008 ndi 2010, anawapangira msika wa zimbale mwachindunji. Fright Night itatuluka pa Blu-ray mu 2011, kampani ya Twilight Time inapanga zimbale 3,000 zokha, zinatha msanga, ndipo ogulitsanso anakweza mtengo mpaka anthu wamba osaukwanitsa.

Mukamasankha chimbale, tembenuzani chikuto muone manambala a maonekedwe a chithunzi. Pa The Lost Boys ndi Fright Night payenera kulembedwa 2.35:1 kapena 2.40:1, ndipo mizere yakuda pamwamba ndi pansi pa TV ikusonyeza kuti palibe chimene chadulidwa. Musakankhire kuwala kwa TV m'mwamba pofuna kuona zonse. Zimitsani nyali ya m'chipinda, kuwalako mukusiye pamene panali.