Nyimbo zamakina sizinayambe ndi kompyuta ayi

Ambiri amaganiza kuti nyimbo zopanga ndi makina zinabwera ndi kompyuta, koma ayi ndithu, zinayamba kalekale. Cha m'ma 1920 ku Russia, Leon Theremin anapanga chida choimba osachigwira nkomwe, umangoyendetsa manja pafupi ndi ma antena awiri, dzanja lina likusintha kamvekedwe, linalo voliyumu. Ku Cairo Halim El-Dabh anali atayamba kale kusewera ndi mawu ojambula mu 1944. Koma wondizunguza mutu ndi Delia Derbyshire wa ku BBC, mu 1963 mayiyu ankajambula mawu pa tepi, kudula ndi lezala nkumata zidutswazo pamanja mpaka nyimbo yotsegulira pulogalamu ya pa TV ya Doctor Who, yomwe anapeka Ron Grainer, inatheka. Ukadula molakwika kunali kuyambiranso basi.