Phulusa la ku Sumatra m'matope a Nyanja ya Malawi

Zaka pafupifupi 74,000 zapitazo, phiri la Toba pachilumba cha Sumatra ku Indonesia linaphulika. Pa zaka 2 miliyoni zapitazi palibe phiri lina linaphulikapo mwaukali wotere. Pomwe panaphulikapo, lero pali nyanja yotalika makilomita 100.

Mkangano wokhudza kuphulikaku unabuka m'zaka za m'ma 1990. Asayansi Michael Rampino ndi Stephen Self anati utsi ndi fumbi zinaphimba dzuwa, dziko lonse n'kuzizira kwa zaka zingapo. Mu 1998, Stanley Ambrose wa ku yunivesite ya Illinois anapitiriza mfundoyi: kuzizirako akuti kunapulula anthu, n'kutsala masauzande ochepa okha, ndipo tonsefe ndife zidzukulu za opulumukawo. Nkhaniyi inafala kwambiri. Koma kodi muno mu Africa, kumene makolo athuwo ankakhala, kunaziziradi? Panafunika umboni.

Umboni wa nyengo zakale umapezeka m'matope a pansi pa nyanja. Nyanja ya Malawi imasunga bwino matope ake chifukwa kunsi kwenikweni madzi alibe mpweya wabwino, choncho kulibe tizilombo tovundula. Chaka ndi chaka mungu wa zomera, makala a moto wolusa ndi zotsalira za ndere zimadikha, zatsopano pamwamba pa zakale. Vuto limakhala kuwerenga zaka. Njira yoyezera zaka za zinthu zakale ndi kaboni imalekezera pa zaka pafupifupi 50,000. Kupitirira apo, wofufuza akhoza kuona kuti kunagwa chilala, koma kunena kuti chinagwa liti kumavuta.

Apa ndiye pamathandiza phulusa. Amene anakhazikitsa njira yowerengera zaka ndi phulusa la mapiri ndi Sigurður Þórarinsson wa ku Iceland, mu 1944, atafufuza phulusa la mapiri akwawo monga Hekla. Phulusa la phiri lophulika silifanana ndi la pamafuwa ayi. Ndi tizidutswa ta galasi, ndipo phiri lililonse limatulutsa galasi losakanizika mwa mtundu wakewake. Limagwa masiku ochepa okha pamalo ambiri nthawi imodzi. Ukalipeza m'matope a kuno ndi m'dothi la ku India, wadziwa kuti malo awiriwo akukamba za chaka chimodzi.

Mu 2005, asayansi, pakati pawo Christopher Scholz, Thomas Johnson ndi Andrew Cohen, anamanga makina obowolera pachombo cha Viphya. Pakati pa nyanja, pamadzi akuya pafupifupi mamita 600, anabowola mamita 380 kulowa m'matope, ndipo anatulutsa mbiri ya zaka zoposa miliyoni imodzi. Phulusa looneka ndi maso linalipo, koma linali la mapiri a Rungwe ku Tanzania, kumpoto kwa nyanjayi. La Toba silinaoneke.

Amene analipeza ndi Christine Lane, yemwe panthawiyo anali ku Oxford, pamodzi ndi Ben Chorn ndi Johnson. Ntchito yake inali yofuna kufatsa: kudula matope pang'onopang'ono, kutsuka, kusefa, kenako kuwerenga tizidutswa ta galasi pa maikulosikopu, tochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi. Pa mamita pafupifupi 28 anapeza tizidutswa tomwe sitinafanane ndi ta Rungwe. Atatiyeza, tinagwirizana ndi ta Toba, mtunda wa makilomita oposa 7,000. Ine zimandikhudza ndikaganiza kuti fumbi limenelo linaoloka nyanja yamchere yonse ya India, n'kutera pamadzi omwe lero asodzi amakokapo usipa.

Zotsatira zinatuluka mu 2013. M'matope a pamwamba pa phulusalo munalibe chizindikiro cha kuzizira koopsa. Mu 2018, Chad Yost ndi anzake ku yunivesite ya Arizona anayeza zotsalira za zomera m'matope omwewo, ndipo anapeza kuti udzu ndi mitengo ya m'zigwa sizinasinthe kwenikweni; zomera za m'mapiri zokha ndizo zinafotako. Chaka chomwecho phulusa la Toba linapezekanso ku Pinnacle Point ku South Africa, kumene anthu anapitiriza kukhala ndi kusema zida zawo zamiyala monga kale.

Mkanganowo sunatheretu. Alipo amene amati nyanja yaikulu chotere siingaonetse kuzizira kwa zaka ziwiri kapena zitatu, komanso madera a kumpoto kwa dziko lapansi anazizira kuposa kuno. Mfundo imeneyi ndi yomveka. Komabe zoti mtundu wa anthu unatsala pang'ono kutha chifukwa cha Toba, matope athu sakuzivomereza.

Kwa ine, phindu lalikulu la phulusali lili pena. Matope omwewa anali ataonetsa kale kuti kunagwa zilala zoopsa, moti madzi a m'nyanjayi anaphwa n'kutsala ochepa kwambiri. Phulusa litapezeka, zinadziwika kuti zaka zimene ofufuza anawerengera poyamba zinali zolakwika, ndipo anayenera kukonzanso nthawi imene zilalazo zinagwa. Zilala zimenezo zili pansi pa phulusa la Toba: pamene phirilo linkaphulika, nyanja inali itadzazanso.