Galimoto ikamagogoda pa chitunda, musathamangire mapulagi odula

Anthu a ma Prado, ma Pajero ndi ma Hilux a petulo ambiri akamabwera kugalaja amakhala atanyamula kale mapulagi (ma spark plug, oyatsa petulo mu injini) m'jumbo, akuti bwana makaniko ndimangireni awa, galimoto ikumagogoda ndikamakwera. Ine ndimamanga ndithu ngati akufunika, koma ndimayamba ndafunsa kaye kuti ikugogoda bwanji, chifukwa pulagi imathetsa kugogoda pokhapokha ngati pulagi yomwe ili mkatimo ndi yolakwika, apo ayi mwangotaya ndalama ndipo pisitoni ikupitilirabe kudyeka.

Choyamba, ngati yanu ndi ya dizilo, Land Cruiser ya 1HZ kapena Hilux ya D-4D, nkhani iyi si yanu, mulibe ma spark plug mmenemo, muli ma glow plug ongothandiza kulizira m'mawa kukazizira, ndiye ikamagogoda kaonetseni ma injector. Chachiwiri mvetserani phokosolo. Likakhala lolemera lochokera pansi, gu gu gu, lomveka ngakhale galimoto itaima mukamaponda moto, mwina ndi nyali ya oyilo ikuphethira, amenewo ndi ma bearing ndipo zimitsani pompo. Ine ndikukamba za lija lopyapyala, ngati timiyala tikugwedezeka m'chitini, lomwe limabwera mukaponda moto pa chitunda kapena mumchenga kenako n'kusiya mukachotsa phazi.

Chimachitika ndi ichi. Pulagi ikathetheka moto umayenera kuyamba pamenepo n'kumafalikira bwinobwino mpaka mafuta onse apse. Koma mu silinda mukatentha kwambiri, kapena petulo akakhala wofooka, mafuta otsala m'mbalimbali aja sadikira kuti moto uwapeze, amaphulika okha, ndiye kuphulikako ndi komwe mukumva kukumenya pisitoni ndi makoma a silinda. Palinso china choopsa kuposa pamenepa, pomwe mafuta amayaka pulagi isanathetheke n'komwe chifukwa mkatimo muli kanthu kofiira ndi moto, kaboni kapena nsonga ya pulagi yeniyeniyo, pisitoni ikukwera moto ukuikankhira pansi, izi zimaboola pisitoni mosachedwa ndipo apa ndi pomwe kusankha pulagi kumalowera.

Pulagi iliyonse ili ndi nambala yosonyeza mmene imatayira kutentha. Nsonga yake imafunika ifike cha m'ma 500°C kuti izitha kudziwotchera mwaye, koma isadutse cha m'ma 800°C chifukwa ikatero imasanduka khala loyatsa mafuta nthawi isanakwane. Pa mapulagi a kampani za NGK ndi Denso nambala ikamakwera pulagi ikuzizira, BKR5E ndi yotentha kuposa BKR6E, ndipo mnzake wa 5 ku Denso ndi 16, wa 6 ndi 20, wa 7 ndi 22. Koma Bosch ndi Champion amawerenga chobwerera, nambala yaikulu ndiye yotentha, apa ndi pomwe anthu ambiri amapwetekera chifukwa wogulitsa amangoyang'ana kuti mazinga akulowa basi n'kunena kuti ndi zomwezo. Si zomwezo. Injini yofuna 6 mukaiika 5, mutauni iziyenda bwinobwino osadandaula, koma tsiku lomwe mwapakira matumba a feteleza mukukwera kuchoka ku Chikwawa kulowera Blantyre dzuwa la Okutobala lili pamutu ndi pomwe mudzaimve.

Kutalika kwa mazinga nakonso musakuone mopepuka. Injini ya 1GR-FE ija ya V6 4.0 ya mu Prado ndi Land Cruiser imafuna pulagi ya mazinga aatali 26.5mm ngati Denso K20HR-U11, pomwe zambiri zakale zimadya za 19mm. Yaifupi pamalo pa yaitali moto umayakira m'dzenje, yaitali pamalo pa yaifupi mazinga amatulukira mu silinda n'kumafiira, pena n'kugundana ndi pisitoni. Ya 5VZ-FE ya mu Prado 3.4 Toyota anailembera za miyendo iwiri, K16TR11, ndiye ikani zomwezo. 11 wa kumapetoyo akutanthauza gap ya 1.1mm, kampata komwe moto umadumpha kunsonga kwa pulagi. Nambala yoyenera ili m'buku la galimoto kapena pa kapepala komata pansi pa boneti, ndipo pofufuza gwiritsani dzina la injini osati la galimoto, poti Prado imodzimodziyo ina ili ndi 3RZ ina 5VZ, komanso galimoto zambiri zoyenda kumudzi kuno zinasinthidwapo injini.

Za mapulagi odula aja a nsonga ya chitsulo cha iridium ndinene mosabisa, ndi mapulagi abwino, nsonga yake ndi yopyapyala, amathetheka mosavuta ndipo amakhalitsa, koma sachotsa kugogoda. Iridium ya nambala yolakwika igogoda chimodzimodzi, ndipo choipa kwambiri ndi chakuti ndi omwe amapangidwa achinyengo kwambiri, bokosi lokongola dzina lenileni koma mkati mwake chitsulo wamba chosataya kutentha, nsonga imasungunuka n'kugwera mu silinda. Mtengo ukatsika modabwitsa asiyeni, kuli bwino pulagi wamba yeniyeni ya nambala yolondola.

Musanagule chilichonse masulani akalewo muwaone, koma injini itazizira ndipo muyambe mwapemerera fumbi ndi matope ozungulira pulagi kuti asagwere mkati. Nsonga ikakhala yotuwa kapena yofiirira pang'ono pulagiyo ilibe mlandu. Ikayera mbee ndi matuza, kapena ikakhala ndi timadontho takuda, kapena choyera chonga dongo chokuta nsongayo chasweka, ndiye kuti mkatimo mukutentha mopitirira. Ikakhala yakuda ndi mwaye ndiye yazizira kwambiri kapena mafuta akuchuluka. Pomanga atsopano yambani ndi dzanja mpaka ikhale pansi kenako sipanala theka la kuzungulira kapena kupitirira pang'ono, chifukwa kutentha kwa pulagi kumatulukira pomwe yakhudzana ndi head, mutu wa injini momwe imamangidwamo, yolefuka imatentha ngakhale nambala ili yolondola.

Ena amati ndiye tingoika yozizira basi. Sitepe imodzi, kuchoka 5 kupita 6, ndimavomera pa galimoto yomwe moyo wake wonse ndi wokoka katundu m'mapiri ndipo mapulagi ake akuoneka oyera zina zonse zili bwino, koma kudumpha masitepe awiri mungodzaza mwaye n'kuyamba kumisa, makamaka poti galimoto ya mtchire imathanso nthawi yaitali ikukwawa pang'onopang'ono m'matope injini ili pansi.

Nthawi zambiri ndikafufuza ndimapeza pulagi ili bwino, vuto lili kwina. Loyamba ndi mafuta. Mafuta akasowa pa filling station anthu timathamangira a m'zigubu, ndipo ena mwa amenewo amakhala osakaniza ndi parafini yemwe amagwetsa octane, mphamvu ya petulo yopirira osaphulika yekha, injini imagogoda tsiku lomwelo. Palinso galimoto zina zochokera ku Japan zomwe zinapangidwira petulo wa octane yokwera, zimenezo zimamva msanga mafuta akangofooka. Lachiwiri ndi kutentha, yang'anani rediyeta kutsogolo kwake, galimoto yodutsa m'matope ndi m'maudzu imatsekeka timabowo tonse ndi dothi ndi njere za udzu, geji mwina sinafike pofiira koma head yatentha kale, onaninso fani ngati ikugwira. Kenako fyuluta ya petulo yotsekeka kapena pampu yotopa, mafuta akachepa mpweya n'kuchuluka moto umatentha kwambiri. Pa injini zakale za disitibyuta funsani ngati wina sanapotoze taimingi, nthawi yomwe pulagi imathetheka, pofuna kuti izithamanga, zimachitika kwambiri ndipo zimafuna timing light, nyali yoyezera taimingi, osati khutu. Zatsopanozi zili ndi knock sensor, sensa yomva kugogoda, yomwe imauza kompyuta ibweze taimingi yokha, ndiye mukafika pomva kugogoda pa galimoto yotere dziwani kuti kompyuta yabweza mpaka pomwe ingathe kapena sensayo yafa, ikani pa mashini oyezera galimoto.

Ndiye pali kayendetsedwe, komwe sikufuna ndalama. Ambiri akamakwera mapiri ngati a ku Livingstonia kuchokera pa Chitimba amakakamira giya 3 kapena 4 injini ikulira pansi phazi lili mpaka pansi, akuti akusunga mafuta, pomwe ndi pamenepo pomwe silinda imadzaza kwambiri ikuzungulira mochedwa n'kupatsa mafuta otsala aja nthawi yophulika. Mukaikanso matayala aakulu vutoli limakula chifukwa giya iliyonse imalemera. Mukangomva timiyala tija chotsani phazi pang'ono, tsitsani giya, ngati ndi mumchenga kapena pokwera pa miyala imani mulowetse low range, magiya otsika a 4x4, injini izizungulira momasuka, ndipo mukafika kwanu muyambe ndi kutsuka rediyeta ndi kuona nambala yolembedwa pa pulagi yomwe ili mkatimo musanapite ku shopu.