Kudzisankhira wopikisana naye: mmene chinayambira pa ndale za ku America

Pa 26 Febuluwale 1972, kunja kukugwa chipale, Edmund Muskie, yemwe ankafuna kuimira chipani cha Democratic pa chisankho cha pulezidenti wa dziko la America, anakwera pa lole kutsogolo kwa ofesi ya nyuzipepala ya Manchester Union Leader m'chigawo cha New Hampshire. Anali atakwiya. Masiku awiri m'mbuyomo nyuzipepalayo inasindikiza kalata yonena kuti iye anaseka pamene wina ankanyoza anthu a ku America omwe makolo awo anachokera ku Canada ndipo amalankhula Chifalansa, pomwe ambiri mwa anthuwa anali oponya voti m'chigawocho. Kenako inanyozanso mkazi wake. Akulankhula, mawu anamuthera pakhosi, ndipo atolankhani analemba kuti walira. Iye anati chinali chipale chikusungunuka kumaso, koma mbiri inali itawanda kale yoti munthuyu ndi wosalimba mtima.

Kalata ija inali yopeka. Mu Okutobala chaka chomwecho, nyuzipepala ya Washington Post inalemba kuti Ken Clawson, wogwira ntchito ku White House, nyumba ya pulezidenti, anadzitama kwa mtolankhani wina kuti ndiye anailemba, ngakhale iye anakana. Chodabwitsa n'chakuti Muskie panthawiyo sankapikisana ndi Pulezidenti Richard Nixon wa chipani cha Republican ayi. Ankalimbana ndi anzake a m'chipani cha Democratic pa zisankho zachipulula. Nanga anthu a Nixon ankafunako chiyani?

Yankho lili pa zomwe zinachitika zaka zinayi m'mbuyomo. Kale, woimira chipani pa mpando wa pulezidenti ankasankhidwa makamaka ndi akuluakulu a chipani ku msonkhano waukulu, mofanana ndi mmene nthumwi zimachitira ku konvenshoni kwathu kuno. Mu 1968 Hubert Humphrey anapatsidwa mpata woimira a Democratic osapikisana nawo pa chipulula chilichonse, ndipo ku msonkhano wa ku Chicago apolisi anamenya achinyamata otsutsa nkhondo ya ku Vietnam. Chipanicho chinakhazikitsa komiti yosintha malamulo, yomwe poyamba anaitsogolera George McGovern. Kuyambira pamenepo mphamvu zinapita kwa anthu wamba. Kusinthaku kunali koyenera, ndimatero ine, komabe kunatsegula khomo lina. Akuluakulu ochepa okhala m'chipinda n'ngovuta kuwapusitsa. Anthu miyandamiyanda oponya voti amamva za pa wailesi ndi m'nyuzipepala, ndipo kumeneko mdani akhoza kuponyako mawu ake.

Nixon anali atapambana mu 1968 ndi mavoti ochepa, ndipo kafukufuku wa mu 1971 ankaonetsa kuti Muskie, senata wa ku Maine, akhoza kumugwetsa. McGovern, yemwe nayenso ankafuna kuimira a Democratic, Nixon ankamuona ngati wosavuta chifukwa maganizo ake ankaoneka opitirira muyezo kwa anthu ambiri. Ndiye ntchito inali yophula Muskie pamoto asanapse. Munthu wina amene ankanyamula makalata a kampeni ya Muskie anali kazitape, ndipo makalatawo ankajambulidwa asanafike kokafika. Loya wachinyamata wotumidwa ndi anthu a Nixon, Donald Segretti, analemba anthu ganyu kuti azisokoneza misonkhano. Ku Florida anatumiza makalata onama pa pepala lokhala ndi dzina la Muskie, onamizira Humphrey ndi Henry Jackson, omwe ankapikisana naye m'chipanimo, nkhani zachiwerewere, kuti anthu a chipani chimodzi adane okhaokha.

Muskie anapambanabe ku New Hampshire ndi mavoti 46 pa 100 alionse, McGovern 37, koma kwa munthu wochokera chigawo choyandikana nacho anthu anati wachepa. Pofika kumapeto kwa Epulo anasiya kampeni. Sindinganene kuti zachinyengozo zokha ndi zomwe zinamugwetsa, popeza kampeni yake inali ndi mavuto akeake ndipo anyamata a McGovern ankawadziwa bwino malamulo atsopano aja. Koma Nixon anapeza munthu amene ankamufuna, popeza a Democratic anasankha McGovern. Mu Novembala anatenga zigawo 49 mwa 50, McGovern n'kutsala ndi Massachusetts ndi mzinda wa Washington basi. Segretti anakaseweza miyezi ingapo kundende, ndipo Nixon mwini anatula pansi udindo pa 9 Ogasiti 1974, nkhani ya Watergate, yomwe inayamba anthu ake atathyola ofesi ya chipani cha Democratic, itavundukula zonsezi.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti njirayi, ngakhale ichitike popanda kuphwanya lamulo, imadalira kudzikhulupirira kuti ukudziwa mtima wa anthu kuposa eni ake. Pat Brown wa Democratic, bwanamkubwa wa California panthawiyo, anaona zimenezi mu 1966. Anthu ake ankaopa George Christopher wa Republican, yemwe anakhalapo mfumu ya mzinda wa San Francisco, choncho anatulutsa nkhani yakale ya mlandu wake wokhudza malonda a mkaka kuti a Republican asankhe munthu wa mafilimu yemwe anali asanakhalepo pa udindo uliwonse wa boma. Munthuyo anali Ronald Reagan, ndipo anaposa Brown ndi mavoti pafupifupi miliyoni imodzi. Mu 1980 ambiri mwa anthu a Pulezidenti Jimmy Carter anamudereranso Reagan yemweyo kuti ndi wokalamba komanso wouma mutu. Reagan anatenga zigawo 44.

Masiku ano zambiri zimachitika poyera. Wina amalipira uthenga wa pa TV wooneka ngati ukudzudzula munthu kuti ndi wosasunthika pa mfundo za chipani chake, akudziwa kuti mawu omwewo ndi amene amukometse kwa otsatira chipanicho. Claire McCaskill wa Democratic anavomera yekha kuti anachita zimenezi mu 2012 pofuna kukumana ndi Todd Akin wa Republican pa mpando wa senata ku Missouri, ndipo zinamuyendera. Kwina lamulo limalola munthu kuvota pa chipulula cha chipani chomwe si chake, n'chifukwa chake mu 2008 Rush Limbaugh, woulutsa mawu pa wailesi, ankauza a Republican kuti akavotere Hillary Clinton kuti mkangano wake ndi Barack Obama utalike.

Clinton yemweyo ndi amene anadzalowa m'mbiri imeneyi mopweteka. Mu Epulo 2015 anthu a kampeni yake analembera likulu la chipani cha Democratic kuti asanyoze a Republican a maganizo okhwima, koma aziwakweza ndi kuuza atolankhani kuti anthuwa ndi ofunika kuwasamala, n'cholinga choti akokere anzawo onse ku mfundo zomwe anthu ambiri sangazilandire. Kalatayo inatchula mayina atatu: Ted Cruz, Ben Carson ndi Donald Trump, amene panthawiyo anali asanalengeze n'komwe kuti aima. WikiLeaks, bungwe loulula zinsinsi pa intaneti, inaitulutsa poyera mu Okutobala 2016 pamodzi ndi maimelo obedwa a John Podesta, wapampando wa kampeniyo. Patangotha milungu yochepa, Trump anatenga Pennsylvania, Michigan ndi Wisconsin, zigawo zomwe a Democratic anali atazigwira pa zisankho za pulezidenti kuyambira 1992, ndipo Wisconsin kuyambira 1988.