Kujambula manatee pansi pa madzi m'nyengo yachisanu ku Crystal River

Chisanu ndi chimene chimabweretsa amanatee pafupi ndi kamera. Nyama zimenezi, zomwe ena amazitcha ng'ombe za m'nyanja, zimatalika mamita 3 ndipo zimalemera makilogalamu 400 mpaka 550, koma ngakhale zimaoneka zonenepa, pansi pa chikopa chake palibe mafuta ochindikala ngati a anamgumi. Madzi akakhala osafika madigiri 20 kwa masiku angapo zimayamba kudwala: chikopa chimachita zilonda zotuwa, chakudya chimaleka kugayika bwino, ndipo zing'onozing'ono ndi zimene zimayamba kufa. N'chifukwa chake ku Florida, m'dziko la America, kuyambira Novembala mpaka Malichi zimachoka m'nyanja ya Gulf of Mexico n'kukwera mtsinje wa Crystal River kukaunjikana ku Kings Bay, kumene akasupe amatulutsa madzi a madigiri 22 chaka chonse. Kunja kumazizira kwambiri kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, ndipo m'mawa wa tsiku lozizira zimapezeka mazanamazana.

Mfundo imeneyi muimvetse musanagule chipangizo chilichonse. Manatee amene wagona pamchenga ku Three Sisters Springs, ena mwa akasupe a ku Kings Bay, akusunga kutentha kwa m'thupi, ndipo m'akasupemo mulibe udzu wokwanira, moti amatha masiku osadya mokwanira. Mukamudzidzimutsa n'kuthawira kumadzi ozizira, mwamuwonongera mphamvu zimene sangazibweze msanga. Mwamwayi, chimene chimateteza nyamayi ndi chomwecho chimene chimabala chithunzi chabwino: munthu woyandama phee pamwamba pa madzi, osapalasa, osathamangitsa.

Malowa ali pansi pa Crystal River National Wildlife Refuge, yomwe inakhazikitsidwa mu 1983 ndipo imayang'aniridwa ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, US Fish and Wildlife Service. Kuyambira pa 15 Novembala mpaka pa 31 Malichi madera ena amatchingidwa ndi zingwe ndi zoyandama, ndipo munthu saloledwa kulowamo. Kuthamangitsa manatee, kumuzinga, kumumilira kuchokera pamwamba, kumukhudza akugona kapena akudya, kumupatsa chakudya, kulowa pakati pa mayi ndi mwana wake, zonsezi ndi milandu, pakuti nyamayi imatetezedwa ndi malamulo a dziko la America, Marine Mammal Protection Act ya 1972 ndi Endangered Species Act ya 1973. Fulashi, nyali yong'anima ya kamera, imafuna chilolezo chapadera, chimodzimodzinso kujambula kwa malonda. Kukazizira koopsa n'kudzaza amanatee, oyang'anira amatseka Three Sisters yonse kwa osambira. Malamulo amenewa musawaone ngati kukhwimitsa zinthu: mu 2021 mokha ku Florida kunafa amanatee oposa 1,000, ambiri ndi njala, udzu wa pansi pa madzi utatha ku Indian River Lagoon, kugombe la kum'mawa kwa Florida.

Zovala n'zochepa. Wetsuit (chovala champhira chosunga kutentha m'madzi) yochindikala mamilimita 5, galasi la kumaso, snorkel (kapaipi kopumira), basi. Madigiri 22 amamveka ofunda mukangolowa, makamaka kunja kukakhala kozizira, koma munthu wosasuntha amataya kutentha msanga, ndipo pakatha ola limodzi muli mu wetsuit yopyapyala manja amayamba kunjenjemera, zithunzi n'kumatuluka zogwedezeka. Wetsuit yochindikala imakuyandamitsaninso, miyendo osalendewera pansi. Lamba wa zitsulo zolemera musiyeni, chifukwa simukumira. Masilinda a mpweya nawo alibe ntchito pano: madzi ndi osaya, ndipo phokoso la thovu limathawitsa nyama. Zipsepse za kumapazi ambiri oyendetsa maboti sapereka n'komwe. M'malo mwake amapereka chubu chofewa choyandamira, ndipo mukachiika pansi pa chiuno miyendo imakwera yokha.

Nkhani ya miyendoyi ndi yaikulu kuposa ya kamera. Pansi pa akasupe pali mchenga woyera, koma m'mbali ndi m'ngalande zolowera muli matope opepuka ngati ufa. Phazi limodzi likangogunda pansi, matope amadzuka mbuu, ndipo amatenga nthawi yaitali kuti akhazikike. Timatope toyandama pakati pa lenzi ndi nyama timachotsa kuthwa kwa chithunzi, ndipo kuwala kukatiomba timaoneka ngati timadontho toyera paliponse. Kumeneku ndi kumene fulashi imakhumudwitsa ngakhale amene ali ndi chilolezo: ikaloza kutsogolo imaunika timatopeto isanafike pa manatee. Choncho musaponde pansi ngakhale pamene madzi akulekeza m'chiuno. Yendani ndi manja, mwakachetechete, zikhato zili pansi pa madzi. Onani kumene madzi akulowera, mukhale kumtunda kwa gulu la osambira kuti matope awo asakupezeni.

Nthawi yolowera m'madzi ili ndi kusankha kovuta. M'bandakucha amanatee amakhala ambiri, madzi ali mbee chifukwa sanavundulidwe, nthunzi ikufuka pamwamba, koma kuwala kumakhala kochepa, makamaka ku Three Sisters komwe mitengo imatchinga dzuwa. Dzuwa likakwera cha m'ma 10 koloko mivi yake imalowa bwino m'madzi, koma maboti afika kale. Ife timalangiza kulowa m'mawa kwambiri pakati pa sabata, n'kupirira mpaka kuwala kubwere, kusiyana ndi kufika dzuwa litakwera n'kupeza madzi atasanduka phala. Muonenso ndandanda ya kukwera ndi kuphwa kwa nyanja, pakuti Kings Bay imatsatira Gulf. Madzi akamakwera amakankhira madzi akuda a m'mtsinje kuakasupe, koma ndi pamenenso amanatee amalowa mosavuta. Akayamba kuphwa, madzi oyera a kasupe amatuluka n'kutsuka ngalande. Nthawi yabwino kwambiri ndi pamene madzi adzaza n'kungoyamba kutsika.

Lenzi ikhale yotambalala. Lamulo la kujambula m'madzi n'lakuti madzi a pakati pa kamera ndi chojambulidwa achepe, ndipo nyama ya mamita 3 singakwane m'chithunzi pa mtunda wa mita imodzi popanda lenzi yoona mbali yaikulu. Fisheye, lenzi yotambalala kwambiri yopinda chithunzi, ya 8-15 mm kapena Tokina 10-17 mm imagwira bwino ntchito imeneyi. Lenzi ya 16-35 mm nayo ndi yabwino ngati simukufuna kuti mphuno ioneke yotupa. Kutsogolo kwa bokosi lotsekera kamera kuti isalowe madzi muike dome port, galasi lobulungira lija, losachepera masentimita 15 m'mimba mwake. Galasi lafulati limakulitsa zinthu ndi gawo limodzi mwa magawo atatu n'kupanikiza chithunzi, ndiye kutambalala kwa lenzi kumatayika. Dome imasunga kutambalalako, koma ili ndi khalidwe lake: lenzi imaona chithunzi chopindika chimene chili pafupi kwambiri ndi galasi, motero mukatsegula lenzi kwambiri, ngati f/4, makona amatuluka osathwa. Yambirani pa f/8 (nambalayi ikamakula, bowo la lenzi limachepa). Ofuna chithunzi cha theka pamwamba theka pansi pa madzi amafunika dome ya masentimita 20 kapena kuposa, ndi f/13 kapena f/16.

Manatee amayenda pang'onopang'ono, koma inu mukugwedezeka ndi timafunde, ndiye liwiro la shutter, kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera, lisatsike pa 1/125 ya sekondi, ndipo 1/200 ndi yodalirika. Zotsalazo zisenzedwe ndi ISO, muyeso wa mmene kamera imakuzira kuwala: 1600 kapena kuposa m'bandakucha, 400 dzuwa likalowa. Chithunzi chokhala ndi timchenga ta ISO chimakonzeka, chogwedezeka sichikonzeka. Mchenga woyera ndi pamwamba pa madzi zimawala kwambiri pamene nyama ndi yotuwa, choncho chepetsani kuwala ndi -0.3 mpaka -0.7 kuti zoyerazo zisapse, n'kudzaunika nyamayo pakompyuta. Dzuwa likhale kumbuyo kwa phewa lanu, pokhapokha ngati mukufuna mthunzi wa thupi lake pakati pa mivi ya dzuwa.

Autofocus, njira imene kamera imadzipezera yokha kuthwa kwa chithunzi, imavutika ndi chikopa cha manatee chifukwa ndi chotuwa chokhachokha. Diso lake ndi laling'ono, lobisika m'makwinya. Lozani pamphuno pamene pali ndevu zolimba zija, kapena m'mphepete mwa mutu, ndipo pa f/8 diso lilowa m'kuthwa komweko. Popeza kumumilira manatee n'koletsedwa, njira yopezera chithunzi cha maso ndi maso ndi kutambasula manja pansi, kamera ili m'munsi mwa chifuwa chanu, yopendekera m'mwamba pang'ono. Simuona bwino chimene mukujambula, ndiye jambulani zingapo motsatizana.

Kuwerenga mpweya wa nyama kumathandiza kuposa kuisaka. Manatee amene ali maso amakwera kudzapuma mphindi 3 mpaka 5 zilizonse, pamene wogona amatha kufika mphindi 20. Wogonayo amakwera ngati chikuni, maso ali otseka, mphuno yokha n'kutulukira, timabowo take tiwiri n'kutseguka, kenako n'kubwerera pamalo omwe aja. Mukadikira pambali, osati pamwamba pake, mupeza chithunzi cha mphuno ikukhudza pamwamba pa madzi ndi chifaniziro chake chikuoneka ngati pakalilole. Mwana amayamwa kuseri kwa chipsepse cha mayi wake, pakhwapa, ndipo amenewo muwajambule muli patali. Achinyamata ndi amene amachita chidwi. Wina amabwera mpaka kugunditsa ndevu padome, akudziyang'ana. Zikatero musakankhe ndipo musatambasule dzanja. Kokerani kamera pachifuwa kuti lenzi ipeze mpata, mumulole achoke yekha.

Zowonongeka zambiri zimayambira kuchipinda, musanafike n'kudoko komwe. Mukatsekera kamera m'chipinda chofunda chachinyezi n'kukwera boti kunja kuli madigiri 5, galasi limazizira ndipo chinyezicho chimasanduka nkhungu mkati mwa dome, pamene simungapukute. Tsekerani pamalo ouma, ikanimo timapaketi tiwiri ta silica gel, ndipo pabotipo fundikani bokosilo ndi thaulo. Mphira wotseka madzi, O-ring, muuchotse, muupukute, muuyang'ane pakuwala: tsitsi limodzi kapena kamchenga kamodzi n'kokwanira kulowetsa madzi. Mafuta ake a silicone angonyezimira, chifukwa ochuluka amakoka fumbi. Mukalowa m'madzi, mizani bokosilo dome ili pansi n'kuyang'ana ngati mukudontha. Timathovu ting'onoting'ono timamatirira kunja kwa galasi, ndipo sitioneka pasikirini ya kamera koma timadzaonekera pachithunzi chilichonse, ndiye muzikupiza madzi ndi chikhato patsogolo pa dome mphindi zingapo zilizonse. Batire losungira likhale m'thumba lofunda.

Jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yaona. Madzi amameza kuwala kofiira msanga, ndipo ku Kings Bay amapendekera kobiriwira, ndiye pokonza tengani mchenga woyera ngati muyeso wa white balance (kuwongola mitundu kuti choyera chioneke choyera) n'kuwonjezera magenta (mtundu wapakati pa wofiira ndi wapepo) pang'ono. Mukapitirira, manatee amasanduka wofiirira, pamene mtundu wake weniweni ndi wotuwa, nthawi zambiri wokhala ndi ndere kumsana.

Pamsana pomwepo ndi pamchira mupeza zipsera: mizere yoyera yondondozana yodulidwa ndi mapulopela a maboti, kapena mchira wong'ambika. Amanatee akuluakulu ambiri a ku Florida ali nazo. Musazifufute pakompyuta. Ofufuza a US Geological Survey, bungwe la kafukufuku la boma la America, ndi anzawo a boma la Florida amazindikira manatee mmodzimmodzi ndi zipsera zomwezo, ndipo kaundula wawo wa zithunzi ndi amene amawathandiza kutsata nyama imodzi kwa zaka zambiri. Nyama ikamadutsa pansi panu, tengani chithunzi chimodzi cholunjika pamsana kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndipo wotchi ya kamera ikhale yolondola kuti tsiku ndi nthawi zisungike pafayilo.