Munda wa Chijapani Pakati pa Mzinda wa São Paulo

Pa ntchito yanga yokonza minda ya maluwa, anthu amakonda kundifunsa kuti n'chifukwa chiyani munda wa Chijapani umaoneka ngati unangomera wokha. Zoona zake n'zakuti m'menemo mulibe chimene chimangomera chokha. Mwala uliwonse mmisiri amautembenuza kangapo mpaka atapeza mbali yoti iyang'ane kwa mlendo. Mtengo wa paini amauthothola masamba akale ndi zala, nthambi ndi nthambi, kuti dzuwa ndi mphepo zizifika m'munsi. Kungousiya zaka zingapo, wasanduka tchire.

Munda umene umandikhudza mtima kwambiri ndi wa Pavilhão Japonês, m'paki ya Ibirapuera ku São Paulo, m'dziko la Brazil. Mbiri yake imayambira kudoko la Santos, kumene pa 18 Juni 1908 sitima ya Kasato Maru inatsitsa Ajapani 781 odzagwira ntchito m'minda ya khofi. Ambiri ankati akangopeza kangachepe abwerera kwawo. Malipiro anali ochepa, ngongole zinachuluka, ana anabadwa, basi n'kukhazikika.

Kenako kunabwera Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse. Mu 1942 Brazil inathetsa ubale wake ndi Japan, kulankhula Chijapani pagulu kunaletsedwa, ndipo chaka chotsatira mabanja a Ajapani anathamangitsidwa ku Santos komwe kuja. Ubale unabwerera mu 1952. Patangotha zaka ziwiri, São Paulo ikukondwerera zaka 400 chikhazikitsidwire, boma la Japan pamodzi ndi Ajapani a ku Brazil anapereka mundawu ndi nyumba yake kwa mzindawo ngati mphatso. Ine ndimaona kuti pamenepa panafunika mtima waukulu, poti mabala anali adakali aawisi.

Nyumbayo anaimanga motengera nyumba yachifumu ya Katsura ya mumzinda wa Kyoto ku Japan, ndipo matabwa ake anabwera pa sitima kuchokera ku Japan. M'mbali mwake muli dziwe la nsomba za koi, zofiira, zoyera ndi zamawangamawanga, zimene zimathamangira pamodzi kukamwa kuli yasa zikangoona munthu waima pakhonde. Dziwe lotere silifuna ulesi: madzi ayenera kumasefedwa ndi kumayenda, apo ayi nsomba zimabanika.

Amene amasamalira zonsezi ndi a bungwe la Bunkyo, la Ajapani a ku Brazil ndi zidzukulu zawo. Ambiri mwa zidzukuluzo pakhomo pawo amalankhula Chipwitikizi.